Mmene mungayendetsere buku limodzi pakati pa anthu ambiri osalitaya

Aliyense wokonda kuwerenga muno mu Lilongwe ali ndi buku lake lomwe amalilirabe mpaka pano. Unabwereketsa mnzako wa ku Area 25, iye osakuuza n'kupatsa mlamu wake wa ku Kawale, mlamuyo amusamutsa pa ntchito wapita ku Mzuzu, ukafunsa amangoti aaa ndiliona kaye kunyumba amwene, basi nkhani yathera pompo. Ine ndataya mabuku atatu mwa njira yomweyi, limodzi mpaka ndinadzaliona likugulitsidwa pansi mu Old Town dzina langa lili mkati.

Nde chaka chatha tinagwirizana anthu 8 kuti tiwerenge Dune ya Frank Herbert, ija nthano yasayansi yomwe inatuluka mu 1965, ya mnyamata wazaka 15 Paul Atreides amene banja lake latumizidwa kukalamulira pulaneti yachipululu ya Arrakis komwe madzi ndi odula kuposa china chilichonse. Buku tinali nalo limodzi lokha, lakaunjika, la mapeji oposa 600, ndipo lazungulira tonse 8 n'kubwerera kwa mwini wake chikuto chilipo. Chomwe tinachita n'choti tinasiya kuliona ngati chinthu chobwerekana pachibale, tinaliyendetsa ngati chipereganyu, aliyense ali ndi tsiku lake lolandira ndi tsiku lake lopereka. Njira yake ndi iyi, ndipo igwira pa buku lina lililonse lalikulu.

Zofunika kukhala nazo

- Bukulo, limodzi ndi lokwanira
- Pepala la khaki lija timakutira makope a kusukulu, ndi pulasitiki yoonekera mkati yokutira pamwamba
- Zidutswa ziwiri za katoni yopyapyala, ya sopo kapena ya tiyi ili bwino
- Guluu woyera wa matabwa, akalipentala amakhala naye, kabotolo kakang'ono basi
- Selotepu, koma ya pachikuto pokha
- Jumbo yolimba, bola ikhale ya zipi
- Kope limodzi laling'ono, pensulo ndi bolopeni
- Kakatoni kodula motalika kosonyeza pomwe munthu walekezera
- Gulu la pa WhatsApp la anthu okhawo amene ali pa mndandanda

Musanalitulutse pakhomo

1. Sankhani anthu, ndipo asachuluke. Ife tinaona kuti 8 ndi malire, chifukwa aliyense akakhala nalo masabata atatu ndiye kuti womaliza adikira pafupifupi miyezi isanu, ndipo kupitirira pamenepo anthu amaiwala kuti ali pa mzere. Posankha musangoona kuti uyu ndi mnzanga wapamtima, onani kuti amakhala kuti ndipo amayenda njira iti. Wa ku Area 49 amene amagwira ntchito ku City Centre n'zosavuta kukumana ndi wa ku Area 18, koma mukaika wa ku Likuni kuti alandire kwa wa ku Kanengo ndiye kuti buku lidzakhala sabata yathunthu likudikira kuti wina apeze ya minibasi. Konzani mndandanda motsata njira, osati motsata amene wakuwa kwambiri kuti ine ndiyambe.

Chenjezo: munthu amene anakusowetseranipo buku musamuike poyamba. Muikeni kumapeto, aone kaye mmene anzake akuchitira.

2. Lifufuzeni bukulo peji ndi peji. Izi zimatopetsa koma ndi mphindi 20 zokha, khalani pansi muziyang'ana manambala a mapeji kuti palibe lomwe lathothoka, makamaka kumapeto chifukwa mabuku akaunjika amayamba kutha chakumbuyo. Pa Dune izi n'zofunika kwambiri popeza kumapeto kwake kuli mndandanda wa mawu achilendo omwe mlembi anapeka, mutu wake ndi Terminology of the Imperium, komanso mapu, ndipo popanda zimenezo munthu akakumana ndi mawu ngati Bene Gesserit kapena gom jabbar m'mapeji oyambirira amangoti izi si zanga n'kulitseka. Pomwe pang'ambika kapena pali banga jambulani ndi foni, zithunzizo muike pa gulu. Mukatero sipadzakhala zokanganirana kuti anang'amba ndani.

3. Limangeni lisanayambe ulendo. Buku lonenepa lachikuto chofewa limathyokera pamsana, ndipo likathyoka mapeji amayamba kutuluka m'magulumagulu ngati makhadi a njuga. Ngati pali peji lomwe layamba kugwedera, tengani kamtengo ka machesi, kaviikeni mu guluu woyera uja, pakani kamzere kakang'ono kwambiri m'mphepete mwa mkati momwe peji limalowa mu msana, libwezereni pamalo pake, ikani kapulasitiki mbali zonse ziwiri kuti lisamatirire kwa anzake, tsekani buku n'kulitsindika ndi njerwa ziwiri usiku wonse. Guluu akachuluka mapeji atatu amasanduka limodzi nde samalani dzanja. Kenako ikani zidutswa za katoni zija mkati mwa chikuto chakutsogolo ndi chakumbuyo, kutirani ndi khaki monga tinkachitira ku pulayimale, pamwamba pake pulasitiki.

Chenjezo: supagulu ayi ndithu. Amauma gwa ngati galasi, mukangotsegula buku msana umathyoka pomwepo ndipo sungakonzekenso. Selotepu nayo musaike pa mapeji, pakapita miyezi imasanduka yachikasu, n'kumatuka, n'kusiya zomata zomwe zimakoka fumbi lonse la Lilongwe la mu Okutobala.

Malamulo a gulu

4. Lembani mndandanda m'malo awiri. Koyamba mu kope lomwe lizikhala ndi mlembi wa gulu, ndipo mlembiyo asakhale mwini buku, akhale wina wosachita manyazi kuimba foni. Mu kopemo mulembe dzina, dera lomwe munthu amakhala, tsiku lolandira, tsiku lopereka ndi malo osainira. Kachiwiri lembani pa kapepala mumate mkati mwa chikuto cha khaki, pakhale mndandanda womwewo ndi mawu oti bukuli lili pa ulendo, silogulitsa, silobwereketsa kwa munthu amene sali pa mndandandawu. Zimaoneka ngati zachibwana koma kapepala kameneka kanatipulumutsa, mlongo wake wa mnzathu wina anali atalilowetsa kale mu chikwama akupita ku Dedza, atatsegula n'kuona maina 8 ndi masiku anachita manyazi n'kulibweza pa tebulo.

5. Aliyense apereke chikole. Apa m'pomwe anthu amayamba kuti aaa ifenso abale tizichita kulipiritsana, koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, malonjezo a pakamwa sagula buku lina. Funsani mtengo womwe buku ngati limenelo lingagulidwe lero, ndalamayo aliyense azipereka kwa msungichuma pa tsiku lomwe akulandira buku, pa Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni wa meseji, ndipo akapereka buku kwa wotsatira lili bwinobwino ndalama yake imabwerera tsiku lomwelo. Motero msungichuma amakhala ndi chikole cha munthu mmodzi yekha nthawi iliyonse, palibe zoti ndalama zaunjikana iye n'kuyamba kuzibwereka. Gwirizananinso poyamba kuti ndalama yodula potumiza ndi potapa alipira ndani, tinthu tating'ono ngati timeneti n'tomwe timayambanitsa anthu.

Ngati pali wina amene zachuma sizikuyenda, mwina wophunzira, wina amuimirire pa chikole. Koma pakhale dzina la woimirirayo mu kope.

6. Ikani masiku, ndipo muike kamsampha pa sabata yoyamba. Ife tinapatsana masiku 21, kutanthauza mapeji pafupifupi 30 pa tsiku, zomwe munthu wapantchito angathe ngati awerenga pang'ono m'mawa ndi madzulo. Koma lamulo lomwe linathandiza kuposa onse ndi ili: pa tsiku la 7 mlembi amafunsa kuti muli pa peji chani, ndipo ngati simunafike pa peji 100 mumapereka buku kwa wotsatira inu n'kupita kumapeto kwa mzere, popanda kukwiya, popanda mlandu. Chifukwa chake n'choti Dune imayamba mozizira, maina ambirimbiri, ndale za mabanja olamulira, anthu akungokambirana m'zipinda, ndipo amene sanadutse pamenepo m'sabata yoyamba sadzadutsapo olo mutamupatsa miyezi itatu, buku limangokhala pa mutu pa bedi likusonkhanitsa fumbi iye akungoti mawa ndiyamba, paja zengerezu adalinda kwawukwawu. Pa ife 8 awiri anagwa pa msampha umenewu, mmodzi anadzaliwerenga pomaliza mpaka kulimaliza m'masiku 9, winayo anangovomera kuti iye za mphutsi zikuluzikulu za mumchenga za m'bukumo si mbali yake, tinamubwezera chikole chake mwamtendere.

Muuzeniretu wolandira kuti akakumana ndi mawu osamveka aziyang'ana mndandanda wa mawu uja kumbuyo, koma zolemba zina zowonjezera zomwe zili chakumapeto komweko asaziwerenge mpaka atamaliza, chifukwa pena zimatchula mmene anthu ena a m'nkhaniyi anathera.

Buku lili pa ulendo

7. Kupatsirana kukhale kwa dzanja ndi dzanja. Ili ndiye phata la zonse, mabuku satayika powerenga, amatayika pakati pa munthu uyu ndi uyo. Osapatsira kondakitala, osapatsira wa kabaza, osasiya kwa mlonda wa pa geti kapena pa shopu ya amayi ena kuti adzatenga akamadutsa. Anthu amenewa si akuba ayi, koma kwa iwo ndi jumbo chabe ya munthu wina, ikhoza kukhala pansi pa kauntala masabata awiri mpaka madzi a mopu kuilowa. Awiriwo akumane pamalo podziwika pomwe onse amadutsa, kaya ku Gateway Mall, kaya pa Crossroads, kaya ku depoti, wolandira atsegule jumbo pompo, aone msana, aone kumbuyo kuti mapeji onse alipo, ajambule buku lili m'manja mwake atumize pa gulu. Chithunzi chikangofika pa gulu udindo wasamuka, msungichuma abweza chikole cha woyambayo, mlembi alemba mu kope. Mphindi zisanu zokha.

Chenjezo: ngati wotsatira sakupezeka, wapita kumaliro kumudzi kapena foni yake siikugwira masiku atatu, musadikire ndipo musapatse mkazi wake kapena mnzake wogona naye nyumba imodzi. Dumphani mupite kwa wotsatira wake, iye adzalowa akabwera.

8. Kunyumba lisungeni ngati la eni. Buku likhale mu jumbo nthawi zonse pamene simukuwerenga, makamaka kuyambira Novembala mpaka Epulo pomwe mvula imakupezani muli pa kabaza mulibe pothawira. Musalisiye pansi kapena kulitsamiritsa ku khoma, chiswe sichichedwa, mphemvu nazo zimakonda guluu wa pamsana. Musapinde chikuto n'kuchizunguliza kumbuyo kuti muzigwira ndi dzanja limodzi, musaligoneke chafufumimba lili chotsegula, musapinde ngodya za mapeji pomwe kakatoni kalipo, ndipo zonyambita chala potsegula peji zija tisiye. Magetsi akazima gwiritsani tochi ya foni, kandulo imadontheza phula. Mukadya chips kapena kanyenya sambani kaye, mafuta akalowa pa pepala sachoka, lathu lili ndi chidindo cha chala cha munthu wina pa peji 212 ndipo tonse tikumudziwa.

Za ana, musawakalipire, ingoikani pamwamba. Mwana wazaka zitatu akaona pepala ndi bolopeni amaona ntchito yoti agwire.

Za kulemba mkati gwirizanani poyamba. Ife tinaloleza pensulo yokha, kachizindikiro kakang'ono m'mbali, koma maganizo onse munthu azilemba pa mapepala ake. Wina akalemba m'mbali kuti uyu ndi kazitape muona, wawonongera anthu onse obwera pambuyo pake.

9. Gwirani pakamwa pa gulu la WhatsApp. Vuto la kuwerenga mosinthana n'loti woyamba amamaliza mu Febuluwale ali ndi moto wofuna kukamba, pomwe womaliza sanaligwire n'komwe. Nde pa gulu lalikulu pazikhala za masiku ndi zithunzi za kupatsirana basi. Tsegulani gulu lachiwiri la omaliza okha, munthu azilowetsedwa tsiku lomwe wapereka buku, mmenemo akambe zonse mmene angafunire. Ngati amene ali nalo panopa akufuna kufunsa kanthu pa gulu lalikulu atchule kaye pomwe ali. Dune mitu yake ilibe manambala, imangoyamba ndi kandime kotengedwa m'zolemba zopeka, zambiri za Princess Irulan, mmodzi wa anthu a m'nkhaniyi, choncho simunganene kuti ndili pa chaputala 12, nenani nambala ya peji kapena gawo, popeza buku lonse lagawidwa patatu, Dune, Muad'Dib ndi The Prophet.

Chenjezo: oopsa kwambiri ndi amene anaonera mafilimu a Dune omwe anapanga Denis Villeneuve, a 2021 ndi 2024. Iwo amaona ngati sakuulula kanthu poti buku sanawerenge, koma mathero akuwadziwa, ndipo ka sitika kamodzi kokha kakhoza kuwononga mapeji 300.

10. Oyembekezera apatseni chotafuna. Miyezi isanu ya kudikira ndi yambiri, ndipo apa m'pomwe wina amabwera ndi nzeru yoti tingopanga fotokope kapena ndili ndi PDF ndikutumizireni. Ine ndimakana. Frank Herbert anamwalira mu 1986, bukuli likadali ndi eni ake mwalamulo, ndipo kuno kwathu za umwini wa zolemba kuli bungwe la COSOMA lomwe limayang'anira, komanso kunena zoona ndalama ya fotokope ya mapeji 600 bola kuisunga n'kusakira buku lachiwiri lakaunjika, mzere n'kuugawa pawiri. Kubwereketsa buku lomwe munagula palibe vuto, kulichulukitsa ndi nkhani ina.

Zaulere zovomerezeka zilipo. Mabuku a H. G. Wells, amene anamwalira mu 1946, ali pa Project Gutenberg, webusayiti ya mabuku aulere, ndipo mutha kuwatsitsa pa foni ndi bandulo yochepa kwambiri, The Time Machine ya mu 1895 ndi yaifupi yoti madzulo awiri mwamaliza, The War of the Worlds ya mu 1898 ndi yotalikirapo pang'ono. Amene sakonda kuwerenga pa foni akayendere ku National Library ku City Centre aone zomwe zili pa mashelefu. Ndipo wina akapeza Azotus the Kingdom ya Shadreck Chikoti, nthano ya zam'tsogolo yolembedwa ndi Mmalawi mnzathu, aigwire, ndiyo ikhale yotsatira pa chipereganyu.

Zikavuta

11. Likanyowa musaliyanike padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, mapeji amakwinyika n'kufufuma mpaka buku osatsekekanso. Chotsani khaki ndi pulasitiki, liimikeni chilili pamthunzi podutsa mphepo mapeji atatambasuka pang'ono, ikani mapepala oyera opanda zolemba pakatipakati muziwasintha akanyowa, nyuzipepala ayi chifukwa inki yake imatsalira. Likatsala pang'ono kuuma litsekeni n'kulitsindika ndi njerwa masiku awiri. Mukalisiya mu jumbo lili lonyowa limachita nkhungu ndipo fungo lake silichoka.

12. Likatayika, chikole chija chigule lina, basi, osachita misonkhano. Wotayayo ndi amene ayende kukasaka, ndipo chithunzi chomaliza pa gulu ndi chomwe chinene kuti linali kwa ndani. Nenani msanga, tsiku lomwelo, anthu amakhululuka buku lotayika koma sakhululuka munthu amene wawazungulitsa mwezi wathunthu akunama kuti watsala ndi mapeji ochepa.

13. Womaliza akamaliza, buku libwerere kwa mwini wake pamaso pa onse. Ife tinakumana Loweruka masana kunyumba kwa mmodzi ku Area 47, aliyense anabwera ndi kake, ndipo tinakangana maola atatu za madzi okhaokha, kuti kodi ife amene timadzuka 3 koloko usiku kutunga mipope ikayamba kudontha tingapirire masiku angati pa Arrakis titavala zovala zija zobweza thukuta kuti ulimwenso. Aliyense anasaina pa khaki, mwini buku anakana kuichotsa.

Zolakwika zomwe anthu amachita kawirikawiri

Choyamba ndi kuchita manyazi ndi wamkulu. Pa gulu pakakhala abwana a kuntchito kapena achimwene aakulu, mlembi amaopa kufunsa ndipo buku limafera komweko. Ngati mukudziwa kuti simungathe kuwaimbira n'kunena kuti akulu masiku akwana, musawaike pa mndandanda, adzabwereke paokha gulu likamaliza.

China ndi kulowetsa anthu atsopano pakati pa ulendo. Wina amati mnzanga uyu amawerenga fasti masiku awiri okha abweza, mukalola kamodzi mzere wonse wasokonekera ndipo munthuyo chikole sanapereke. Watsopano apite kumapeto, apereke chikole ngati wina aliyense.

Kuwonjezera masiku mwachinsinsi nakonso kumapha gulu. Awiri amagwirizana ku inbox kuti ndipatseko sabata ina, ena 5 akumbuyo osadziwa, masiku onse a mu kope n'kukhala abodza. Wofuna masiku owonjezera apemphe pa gulu, asapitirire atatu, mlembi asinthe masiku a onse.

Ena amayamba ndi buku lomwe mwini wake amalikonda mopitirira, mwina mphatso ya malemu bambo ake. Limenelo lisatuluke pakhomo, chifukwa olo mutasamala bwanji buku lodutsa m'manja 16 limabwera litatopa, ngodya zitapindika, pena likununkha utsi wa makala.

Ndipo pali kuiwala kufunsa mwini buku ngati iye analiwerenga kale. Zikumveka zoseketsa koma zinatichitikira, tinakonza mndandanda wonse bwinobwino motsata njira za minibasi, tikuti tiyambe mwini wake n'kunena kuti iyetu anangofika pa peji 40, nde tinachita kufufuta zonse n'kumuika poyamba, ndipo pa tsiku la 7 mlembi anamuimbira ngati wina aliyense.